Zitsulo za kwa Kalindawalo zicitiranji dzimbiri mvula ikagwa?

Muyende mu Great East Road pakati pa Nyimba ndi Petauke m'mwezi wa June kapena July, musuzumire kuseri kwa magolosale ndi zigayo dzuwa likapendeka. Mudzapeza anyamata atasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Wina wagona cagada pa thabwa, akankha paipi yokhala ndi zitini za konkire uku ndi uku, anzake amuwerengera mokuwa. Ena anatola zitsulo za magalimoto akufa n'kukaziwocherera kwa opanga zitseko. Malowo awachula kuti jimu, ndipo cimene acitaco ati ndi kunyamula nsimbi.

Mukapitenso pamalo omwewo mu December. Thabwa ladyedwa ndi ciswe, paipi yacita dzimbiri, pa zitini paja pagona nkhuku. Caka camawa, cimanga cikalowa m'nkhokwe, anyamata aja adzayambiranso pamene anayambira caka catha, ndi ululu womwe uja, ndi malumbiro omwe aja akuti ulendo uno sitileka.

Akuluakulu akaona zimenezi angoti ndi ulesi wa ana a masiku ano. Ife tikana. Mnyamata amene akwanitsa kulima maekala awiri a thonje ndi khasu, kapena kukweza matumba a makilo 50 pa lole kucokera m'mawa mpaka madzulo pa depoti ya FRA, ulesi sumukhala. Cimene cimugwetsa n'cakuti palibe anamuuza mmene thupi liyankhira ku zitsulo, ndiponso ndondomeko imene atsata anaionera pa foni, kwa anthu a kumaiko amene sadziwa nyengo yopalira kapena mwezi wa njala.

Tisanapite patali tiyankhe funso limene tidziwa kuti mlimi aliyense wafunsa kale mumtima: mphamvuzo bwanji osapita nazo kumunda? Kodi khasu silikwanira? Funsoli n'labwino. Mlimi wa kwa Sandwe kapena kwa Ndake atuluka thukuta kupambana kalaliki aliyense wa ku Lusaka. Koma khasu ligwiritsa thupi nchito m'njira imodzi yokha, munthu ali cowerama, maola ambiri, kwa miyezi ingapo, kenaka n'kulekeratu. Ndiponso si onse a kuno amene alima. Aphunzitsi, ogulitsa m'mashopu, oyendetsa njinga zamoto amene masiku ano adzaza pa siteshoni pamene kale panali njinga zopalasa, onsewa tsiku lawo lithera pa mpando.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 mpaka 69 m'Zambia anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri a iwo sanali kumwa mankhwala. Mu 2020 bungwe lomweli la WHO linalangiza kuti, kuonjezera pa kuyenda kapena kupalasa njinga, munthu wamkulu aliyense azicita masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata. Cifukwa cake n'cakuti munthu akapitirira zaka 30 minofu iyamba kucepa, maperesenti 3 mpaka 8 pa zaka khumi zilizonse, ndipo akafika zaka 60 kucepako kufulumira. Agogo amene alephera kudzuka pa mphasa popanda wowagwira dzanja, nthawi zambiri vuto lao lili pamenepa. Tsono nkhani ya zitsulo si ya anyamata ofuna zifuwa okha ai.

Masabata oyamba

Woyamba kumene adzuka tsiku laciwiri manja osapindika, ngati amenyedwa ndi akuba. Ululu umenewu ufika pacimake pakati pa tsiku limodzi ndi masiku atatu, ndipo ucepa kwambiri munthu akabwereza masewera omwewo sabata yotsatira. Ambiri sadziwa zimenezi, ayesa kuti avulala, basi sabweranso. Mlandu waukulu apa tiuika pa anzake amene amupatsa citsulo colemera tsiku loyamba kuti amuseke. Kumeneko si kuphunzitsa. Koma tisiyanitse: ululu wa minofu yonse ndi wacibadwa, pamene ululu wobaya pa mfundo, kapena wa msana wotsikira ku mwendo, ndi wakuti munthu aleke ndi kupita kucipatala.

Amene apirira ululu agwa pa galasi. Mnyamata wanyamula masabata anai, aima pa galasi, apinda mkono, sapeza kanthu. Mtima ugwa. Komatu m'masabata oyambawa mphamvu iwonjezeka cifukwa ubongo ndi mitsempha ziphunzira kuitana minofu kuti igwirire pamodzi. Minofu yeniyeni kuti ikule mpaka kuoneka ndi maso, pafunika miyezi iwiri kapena kuposa. Mlimi sabzala nshawa Mande n'kukafukula Cisanu kuti aone ngati zabereka. Nshawa za Chalimbana tonse tizilindira miyezi pafupifupi isanu osadandaula, koma thupi lathu tifuna litilipire m'masabata anai.

Mankhwala a galasi ndi kabuku. Kabuku ka sukulu kamodzi, colembera cimodzi. Mulembe tsiku, kulemera kwa citsulo, ndi kangati mwacikweza. Pakapita mwezi mutsegule tsamba loyamba. Mudzaona kuti cimene munali kukweza kasanu mukukuta mano, tsopano mucikweza kakhumi muli kuceza. Alimi a m'makopaletivi adziwa kale ubwino wolemba matumba a caka catha ndi a caka cino. Popanda kulemba, munthu angoti munda sunacite bwino, osadziwa kuti wapindula.

Pali cinanso cokhudza cizolowezi. Mu 2009 ofufuza a pa University College London, motsogozedwa ndi Phillippa Lally, anatsata anthu 96 amene anali kuyesa kuzolowera cinthu catsopano tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti cizolowezi cinatenga masiku pafupifupi 66 kuti cikhazikike, kwa ena 18 cabe, kwa ena mpaka 254. Cimene catikondweretsa kwambiri n'cakuti kuphonya tsiku limodzi sikunaononge kanthu. Kuno kwathu munthu aphonya cifukwa ca maliro, cifukwa ca mlandu kwa amfumu, cifukwa ng'ombe yasowa. Akaphonya kawiri ati zonse zaonongeka, ndidzayambanso mwezi wamawa. Palibe caonongeka. Tsiku lotsatira la jimu likafika, apite. Ndipo tsikulo lidziwike: Ciwiri ndi Cisanu, mwacitsanzo, pa ola lodziwika, osati “ndikapeza mpata”. Pakati pa masikuwa minofu ifuna kupumula masiku awiri, ndi tulo tokwanira. Mu October, dzuwa likamaswa mtengo, makamaka ca ku Nyimba ndi kutsikira ku Luangwa, ola limenelo likhale m'mamawa.

Vuto la konkire

Pali colakwa cimodzi m'majimu athu cimene ambiri sacizindikira. Konkire ilemera makilo pafupifupi 2.4 pa lita. Citini ca penti ca malita 5 cipereka makilo 12, ziwiri makilo 24, kuonjezapo paipi. Citsulo cimeneci n'colemera kwa woyamba, koma pakapita miyezi itatu capepuka, ndipo sicingasinthe. Munthu acikweza lero, mawa, mkuja, thupi lazolowera, palibe cisintha, jimu yagwetsa ulesi. Akafuna kuonjeza, citsulo cotsatira ndi cija ca zitsulo za lole cimene cilemera kawiri. Ayesa, msana uti thyo.

Agiriki akale anali kusimba za Milo wa ku Croton, katswiri wa masewera ogwetsana wa zaka za m'ma 500 Yesu asanabadwe, kuti anali kunyamula thole tsiku ndi tsiku mpaka linakhala nkhunzi iye ali kulinyamulabe. Ndi nthano, ndipo sitiuza munthu kuti akayese ndi thole la atate ake. Koma mfundo yake madokotala anaitsimikiza. Mu 1945 dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, anaonetsa kuti asilikali ovulala pa nkhondo anali kucira msanga akamakweza zitsulo zoonjezedwa pang'onopang'ono. Kawerengedwe kaja kakuti kweza kakhumi, puma, bwereza katatu, kamene anyamata athu atsata osadziwa gwero lake, kanacokera kwa iye.

Tsono ticite bwanji ife amene tilibe zitsulo za m'sitolo zosinthika? Tili nazo kale pakhomo. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Cigubu ca malita 20 mungayambe naco cili ndi malita 8, sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse n'kuonjeza lita imodzi. Thumba la feteleza lopanda kanthu mungathiremo mcenga, n'kukaliyeza pa sikelo ya ogula soya kapena thonje. Sakana ngati mwapempha mwaulemu. Thumba limeneli mungalikumbatire pa cifuwa n'kunjuta ndi kuimirira, mungalinyamule kucoka pansi msana uli coongoka, mungayende nalo. Pa citsulo ca konkire camene, mungamangirire mabotolo a mcenga ofanana mbali zonse ziwiri. Njira ina ndiyo kuyamba ndi kukweza kasanu ndi katatu, kukwera mpaka 12, kenaka kuonjeza kulemera pang'ono ndi kubwerera pa 8. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akale, ndipo pano mwambiwu ugwira ndendende.

Tinenenso kuti anyamata athu akonda cifuwa ndi mikono cifukwa ndi zimene zioneka m'malaya. Miyendo, m'ciuno ndi msana aziiwala. Koma mlimi apindula ndi zimene aziiwalazo, pakuti ndizo zikweza thumba pa cikocikale.

Mvula ikagwa

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. November akafika, munda uitana. Kugalauza, kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kupopera thonje. Munthu abwera kumunda ali wefuwefu, ndipo kumuuza kuti akakweze zitsulo katatu pa sabata monga anali kucitira mu July ndi kumunyoza. Iye aona kuti sangakwanitse zonse, ndiye aleka zonse. Miyezi isanu ipita.

Pakati pa zonse ndi kusacita kanthu pali njira. Mu 2011 ofufuza a pa yunivesite ya Alabama ku Birmingham, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza pa anthu amene anakweza zitsulo katatu pa sabata kwa masabata 16. Pambuyo pake ena anawauza kuti aleke, ena anawacepetsera kufika tsiku limodzi pa sabata, kwa masabata 32. Amene anatsala ndi tsiku limodzi anasunga mphamvu zao, acinyamata ndi acikulire omwe, malinga kulemera kwa citsulo sikunacepe. Acinyamata anasunganso kukula kwa minofu ngakhale pamene nchito inacepetsedwa kufika gawo limodzi mwa magawo 9. Acikulire a zaka 60 mpaka 75 mphamvu anasunga, koma minofu yao inafuna nchito yoculukirapo kuti isacepe.

Masabata 32 aposa nyengo yathu yonse yolima. Tanthauzo lake kwa mlimi wa kuno n'lakuti caka cigawike pawiri. Kucokera pokolola, mu May, mpaka mwambo wa Tuwimba mu October, ndiyo nthawi yomanga: kawiri kapena katatu pa sabata, kuonjeza kulemera. Kucokera pa mvula yoyamba mpaka April ndiyo nthawi yosunga: tsiku limodzi pa sabata, Ciweru madzulo mwina, mphindi 20, citsulo comwe cija koma kukweza kocepa. Sabata imene kupalira kwakula, mupume ndithu. Mphamvu sithawa m'masabata awiri kapena atatu. Munthu wocita tero adzafika mu May ali pamene analekezera, osati pamene anayambira.

Ndipo pali cifukwa cina coseketsa cimene jimu ifera mu December: ilibe denga. Mtengo wa mango suchinga mvula. Zitsulo zisamukire pa khonde, m'shedi, kapena anyamata amange kacisakasa ka udzu mvula isanayambe. Paipi aipake oilo wakuda wa ku garaji.

January ndi February ndi nkhani ina. M'nyumba zambiri ufa uyamba kuwerengedwa, ndipo tonse tikumbukira 2024, caka cimene boma linalengeza mu February kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. Thupi silimanga minofu popanda cakudya. Pakhomo pakakhala pocepa, mnyamata acepetse zitsulo, asalimbirane mbale ndi ana. Koma pamene cakudya cilipo, palibe cifukwa colirira zitini za ufa wa mapuloteni za ku Lusaka. Magalamu 100 a nshawa ali ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25, soya aposa pamenepo, dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kayera, nyemba, kapenta, nsomba za mu Luangwa, mkaka, zonsezi zimanga thupi, ndipo nthoci za ku Nyimba zipatsa mphamvu yoyambira. Ndi mbewa zomwe. Asuweni athu Abemba aseke mmene angasekere, koma ndi ndiwo yomanga thupi. Cimene ticenjeza ndi kugulitsa nshawa zonse kwa mavenda mu June, n'kumadya nsima ya masamba okha, kenaka n'kudabwa kuti mkono sukula.

Ticenjezanso za majakisoni ndi mapiritsi okulitsa minofu, amene achedwa masiteroidi. Wina akakunong'onezani za njira yacidule imeneyi, mudziwe kuti mankhwalawa aononga ciwindi ndi mtima, akweza BP, ndipo angacititse mwamuna kulephera kubereka. Mowa naonso subwenzi wa zitsulo. Tujilijili analetsa mu 2012, koma kacasu sanasamuke m'midzi, ndipo ambiri amene aleka jimu mu August sapita kumunda ai, pakuti kumunda kulibe nchito; apita kumene kuli botolo.

Khasu la dima

Makolo athu anadziwa kuti munda umene munthu mmodzi aulima sabata yathunthu modandaula, anthu a dima aumaliza m'mawa umodzi akuimba. Zitsulo n'cimodzimodzi. Wonyamula yekha aleka mwakacetecete, palibe amufunsa. Amene apangana ndi anzake awiri kapena atatu adzuka ngakhale thupi likana, cifukwa adziwa kuti wina adzagogoda pa citseko. Mnzako ndiyenso akucotsera citsulo pa cifuwa cikakukanika. Munthu asagone pansi pa paipi yolemera ali yekha, zivute zitani. Anyamata ocita cilimba angasonkhenso ndalama zogulira paipi yabwino ndi thabwa lolimba, ndipo cinthu cimene munthu anasonkhera sacisiya msanga.

Apa tipempha akuluakulu a mipingo. Maparishi ndi mamishoni athu, monga Minga, Merwe ndi Hofmeyr, pamodzi ndi nthambi zao m'midzi, ali ndi zinthu ziwiri zimene anyamatawa asowa: denga ndi ulemu. Khonde la holo lingakhale jimu maola awiri pa sabata, ndi malamulo ake: mowa ai, kutukwana ai, kuseka wofooka ai. Tidziwa mantha a makolo ena. Ati zitsulo zisandutsa mwana kukhala ndewu, ndipo taonadi pa nthawi za masankho andale ena akusakasaka anyamata a zifuwa kuti aziopseza anzao pa misika ndi pa siteshoni. Manthawa ali ndi maziko. Koma mnyamata amene anyamula pamaso pa bungwe la acinyamata la mpingo, akudziwika kwa akatekisiti ndi akulu a mpingo, ndi wovuta kumugula kusiyana ndi uja wa kuseri kwa bala. Ngati tiwakana pa chalichi, alipo ena amene adzawalandira.

Azimai ndi agogo

Amai amene asenza cigubu ca makilo 20 pamutu kucokera ku mjigo, mwana ali kumbuyo, sitingawauze kuti zolemera si za akazi. Dziko lino laona Esther Phiri, amene anali kugulitsa ndiwo zamasamba ku Lusaka asanayambe nkhonya pansi pa mphunzitsi Anthony Mwamba, akupata malamba a dziko lonse m'zaka za m'ma 2000, ndi Catherine Phiri akutenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016. Sitinena kuti amai a Cigwirizano kapena a mphakati avale magolovesi. Tinena kuti mafupa a azimai afooka msanga akaleka kusamba, ndipo masewera olimbitsa minofu athandiza kusunga mafupawo. Mantha akuti mkazi adzaoneka ngati mwamuna ndi acabe. Thupi la mkazi silikula conco ndi zigubu za madzi. Amai oyembekezera ayambe afunsa anamwino ku sikelo.

Za agogo pali umboni wodabwitsa. Mu 1990 dokotala Maria Fiatarone ndi anzake ku Boston anaphunzitsa okalamba khumi a zaka 86 mpaka 96, okhala m'nyumba yosungira okalamba, kukweza zitsulo ndi miyendo kwa masabata 8. Mwa 9 amene anamaliza, mphamvu ya miyendo inaonjezeka ndi maperesenti 174 pa avereji, ndipo ena anayamba kuyenda mofulumirako. WHO ilangiza a zaka 65 kupita m'tsogolo kuti azicita masewera a mphamvu ndi oletsa kugwa masiku atatu pa sabata.

Agogo safuna paipi ya konkire. Akhale pa mpando wolimba, aimirire osagwira ndi manja, akhalenso pang'onopang'ono, kakhumi. Atsamire cipupa ndi manja, akankhe. Akweze mabotolo a malita awiri. Aime ndi mwendo umodzi atagwira nsanamira ya khonde. Mdzukulu awawerengere ndi kulemba m'kabuku kaja. Amene ali ndi BP, shuga kapena vuto la mtima, kaya ndi agogo kaya ndi abambo a zaka 40, ayambe apimitsa ku Kalindawalo General, ku Minga, ku cipatala ca Nyimba kapena pa kiliniki ya pafupi, anene zimene afuna kucita. Pokweza cinthu asamatseke mpweya, pakuti kutseka mpweya kukweza BP mwadzidzidzi. Atulutse mpweya pamene akweza, aukoke pamene atsitsa. Akamva cizwezwe kapena kupweteka pa cifuwa, aleke pomwepo.